Miyendo ya atsibweni itatupa tonse tidati ndi tsempho

Nkhani ya lero ndi ya pakhomo pathu, ndipo ndiyambe n'kupepesa kwa akuluakulu a kwathu ku Linthipe amene anganene kuti mwana uja wayamba kuyanika zam'nyumba pamsewu. Ndakhala nayo pamtima zaka ziwiri. Eni ake nkhaniyi, atsibweni anga, nditawapempha chilolezo adangoseka n'kuti, "Lemba muphwa, bola usanditchule dzina, anthu angaleke kundigula kachewere poganiza kuti matendawa ngopatsirana." Tsono dzina sinditchula, ndipo matendawo si opatsirana ayi.

Inu amene mumayenda pamsewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Dedza mukudziwa chimene chimachitika minibasi ikangoima pa Linthipe 1. Mabeseni a kachewere, milu ya matimati, anyezi, kabichi, zonse zili pawindo, aliyense akukuwa kuti zake ndiye zabwino. Atsibweni akhala pamenepo zaka zoposa 20. Amalima okha kumunda ndi kudimba, ndipo thumba la kachewere lija anyamata amaligwira awiriawiri, iwo ankaliponya paphewa okha n'kumayenda akucheza. Munthu wathupi, wamawu aakulu, wonyadira kuti chibadwire sadagonepo m'chipatala.

Mu Juni 2023, chisanu chija cha ku Dedza chili pachimake, nsapato zidayamba kuwakana. Iwo adati ndi chisanu. Sabata ziwiri zisanathe akakolo adasowa, miyendo idangofanana kuyambira m'mawondo mpaka kumapazi ngati minsi. Ukadina ndi chala pamsongolo pankatsala kadzenje kosafuna kubwerera. M'mawa akadzuka nkhope inkakhala yotupa ngati alumidwa ndi njuchi. Usiku ankadzuka kanayi kasanu kukataya madzi, ndipo pambuyo pake adadzatiululira kuti mkodzo wawo udali utayamba kalekale kuchita thovu ngati wathiramo sopo. Koma nanga munthu wamkulu angauze ndani zoterozo?

Tsono kwathu kuno munthu akatupa nkhope ndi miyendo, mawu amene amayamba kunong'onedwa kuseri kwa nkhokwe ndi amodzi: tsempho, ena amati mdulo. Kwa inu ana a m'tauni, akuluakulu amati wina m'banja akayenda njira zam'mbali, makamaka mayi n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo, amadula mwamuna wake kapena ana, ndipo wodulidwayo amatupa, kutsokomola, n'kumangofookerafookera. Sindikulemba pano kuti ndinyoze mwambo wa makolo. Ndikungosimba chimene chidachitika pakhomo pathu chaka chimenecho.

Akazi awo a atsibweni adabwera chitengwa kuchokera kutsidya kwa mtsinje wa Linthipe. Pamudzi pathu alibe mbale. Lamulungu lina masana tidasonkhana pakhonde, ndipo amene adatsogolera mlanduwo adali mayi anga ondibereka. "Alamu, tiuzeni zoona, achimwene athuwa mwawatani?" Mayi aja adalira, adalumbira, adatchula ana awo onse asanu mmodzimmodzi, koma palibe adawamvera. Chigamulo chidali chakuti asakhudzenso poto wa amuna awo, ndipo patapita masiku atatu adamanga katundu pachitenje n'kuwoloka mtsinje.

Ine ndidali pomwepo. Ine amene ndidakhoza Biology pamayeso a Fomu 4, amene ndimadya ndalama yolemba nkhani zodzudzula ena kuti sanena zoona, ndidakhala panjerwa n'kumangotokosa pansi ndi kamtengo. Pakamwa panga sipadatuluke ngakhale liwu limodzi. Mwana sayankha pamlandu wa akulu, ndidadziuza choncho. Kunena mosapsatira, adali mantha basi.

Chotsatira mukuchidziwa kale. Kudabwera botolo la mankhwala akuda bii kuchokera kwa sing'anga wina wa kuseri kwa phiri la Chongoni, kapu m'mawa kapu madzulo. Atsibweni adayamba kusanza, nsima idawakana, thupi lonse kuyabwa. Tidawatengera pakachipatala kena kapafupi. Adawabaya chala kuyeza malungo, sadawapeze, adawapatsa mapiritsi opha ululu n'kuwauza kuti abwerenso akapanda kusintha. Makina a BP tsiku limenelo adalibe mabatire. Mu Ogasiti, atayamba kulephera kugona chagada chifukwa cha befu, m'pamene tidachita hayala galimoto kupita kuchipatala chachikulu mumzinda.

Kumeneko tidakumana ndi dokotala wachitsikana, wamsinkhu wangawu, amene sindidzamuiwala. Sadayambe ndi jakisoni. Adayamba ndi lamba wa BP pamkono: 198 pa 112. Adabwereza mkono winawo, chimodzimodzi. Kenaka adapempha mkodzo m'kabotolo n'kuviikamo kapepala kotalika ngati chala, kokhala ndi timabokosi tamitundumitundu. Mphindi imodzi yokha, kabokosi kena kadachoka pachikasu n'kubiriwira. "Bambo, mumkodzo wanu muli mapuloteni ambiri. Impso zanu zikudontha." Adatenga magazi, ndipo m'mawa mwake adatitumiza ku sikani.

Apa ndiloleni ndikhale mphunzitsi pang'ono, poti zimene ndidaloweza kusekondale pofuna kungokhoza mayeso ndidadzazimvetsa pabenchi ya chipatala.

Impso zilipo ziwiri, kumsana m'munsi mwa nthiti, iliyonse yaikulu ngati chibakera cha mwini wake. Mu impso imodzi muli timasefa pafupifupi 1 miliyoni tosaoneka ndi maso. Magazi amadutsa m'timasefa timeneti usana ndi usiku, moti madzi osefedwa patsiku amakwana malita ngati 180, ndowa 9 za malita 20 zija amayi amatungira pamjigo. Koma pafupifupi onsewo impso zimawabwezera m'thupi. Otuluka ngati mkodzo ndi lita imodzi kapena awiri okha, atanyamula zinyalala, mchere wopitirira muyeso ndi asidi. Ntchito yake siithera pomwepo. Impso zimathandiza kuti BP ikhale pamalo pake, zimatulutsa mankhwala ouza mafuta a m'mafupa kuti apange magazi, komanso zimakonza vitamini D kuti mafupawo alimbe. N'chifukwa chake wodwala impso amatupa, amatha magazi, BP imakwera, mafupa amaphwanya, zonse pakamodzi, abale n'kumati matenda ochuluka chonchi sangakhale a Mulungu.

Choopsa chake n'chakuti timasefa tina tikafa, totsalato timasenza ntchito ya anzawo mwakachetechete. Munthu amatha kutaya theka la mphamvu ya impso zake akadali kunyamula matumba ndi kuseka pamsika. Chakudza sichiyimba ng'oma, adatero akale. Pofika potupa miyendo nthawi zambiri ndiye kuti nkhani idayamba zaka zambiri kumbuyoku. Ndipo kasefa kakafa kafa basi, sikaphukiranso ngati chitsa cha bulugamu.

M'magazi muja amayezamo chinyalala china chotchedwa creatinine, chochokera m'minofu, chimene impso zabwino zimachotsa tsiku ndi tsiku. Chikachuluka ndiye kuti sefa yafooka. Potengera nambala imeneyo, zaka za munthu komanso ngati ndi mwamuna kapena mkazi, amawerengera nambala ina yotchedwa eGFR, imene inu ndi ine tingaitenge ngati malikisi a impso. Wachinyamata wathanzi amapeza 90 kupita m'mwamba. Munthu akatsika pansi pa 60 n'kukhala pomwepo miyezi yoposa itatu, amati ali ndi matenda a impso okhalitsa. Madokotala amawagawa m'masiteji 5. Kuyambira 59 mpaka 30 ndi siteji 3, kuyambira 29 mpaka 15 ndi siteji 4, ndipo pansi pa 15 ndi siteji 5, pamene amati impso zalephera. Pamasiteji awiri oyambawo malikisi amaoneka abwino ndithu, chimene chimaulula kawirikawiri ndi mapuloteni a mumkodzo aja, munthu asanamve kalikonse m'thupi.

Atsibweni adapeza 17. Sikani idaonetsa impso zonse ziwiri zitafota, zazing'ono kuposa mmene ziyenera kukhalira, chizindikiro chakuti si za dzulo kapena dzana.

"Bambo, pali mankhwala amene mumamwa kawirikawiri?" adafunsa dokotala uja. Atsibweni adapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kapepala ka diclofenac ndi kena ka brufen. "Awa nga msana, adokotala. Awiri m'mawa ndisanapite kudimba, awiri madzulo. Amandigulira muphwa wangayu akamachokera ku Lilongwe. Mwana wabwino kwambiri."

Abale, thukuta lidandituluka m'chisanu muja. Zaka zinayi ndinkawabweretsera mapiritsi amenewo ngati mphatso, m'jumbo imodzi ndi shuga ndi sopo. Dokotala adafotokoza kuti mankhwala a gulu limeneli, brufen, diclofenac, indocid ndi anzake, amachepetsa magazi opita ku impso. Kwa munthu wabwinobwino kumwa masiku awiri atatu si nkhani. Koma kumwa tsiku ndi tsiku, uli padzuwa kudimba osamwa madzi okwanira, impso zili kale ndi vuto, n'kuthira palafini pamoto. Ndipo pakachipatala kaja adawawonjezeranso omwewo. Za botolo la sing'anga adati sangadziwe chimene chidali mkatimo, ndipo vuto lake ndi lomwelo: palibe amadziwa muyeso wake, pomwe impso yodwalayo ndiyo iyenera kusefa zonsezo.

Koma sadandisenzetse mlandu wonse. Adafunsanso ngati atsibweni adauzidwapo za BP. Apa m'pamene zidaululika kuti mu 2018 anthu azaumoyo adabwera kutchalitchi kudzayeza anthu, adawapeza ndi BP yokwera, adawapatsa mapiritsi, iwo adamwa miyezi iwiri n'kusiya poti sankamva kupweteka paliponse. Nanga munthu wonyamula thumba yekha angamwe bwanji mankhwala ngati nkhalamba? Chonsecho BP yokwera imawononga timitsempha ta m'masefa muja pang'onopang'ono, ndipo impso zikawonongeka nazonso zimakweza BP. Ziwirizi zimakokerana kudzenje. Kuti idayamba ndi iti, dokotala adati pamene zafikapa palibe anganene motsimikiza.

Musaganize kuti ndi atsibweni okha. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo udachita mothandizana ndi bungwe la WHO mu 2009 adapeza kuti pa akuluakulu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno, mmodzi adali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Tadzaimani pa Linthipe tsiku la msika muwerenge mitu itatuitatu, mudzandiuza. Padziko lonse akatswiri amati anthu pafupifupi 850 miliyoni ali ndi vuto la impso, ndipo zoyambitsa zikuluzikulu ndi ziwiri, shuga ndi BP.

Koma kuno kwathu tili nazonso zathuzathu. Kachilombo ka HIV kamatha kuwononga impso pakokha, ndipo tenofovir amene ali m'ma ARV ambiri amavutitsa impso za anthu ena ochepa. Apa chonde mundimvetse, njira si kusiya ma ARV ayi, koma kuyezetsa kuti ngati pali vuto achipatala asinthe mtundu wake. Likodzo lija tinkaliseka tili ana tikasambira m'madambo, kumati mnyamata wakula, likakhala zaka osachizidwa limatha kutseka njira za mkodzo mpaka impso kufufuma. Abambo achikulire amene mkodzo umangodonthera chifukwa cha prostate, mkodzowo umadzadza n'kubwerera m'mbuyo kukapanikiza impso. Malungo aakulu, BP ya amayi oyembekezera, kutsekula m'mimba kotha madzi m'thupi ngati kolera ija idapha anthu oposa 1,700 mu 2022 ndi 2023, zonsezi zimatha kuvulaza impso mwadzidzidzi, munthu n'kuchira bwinobwino koma chipsera chitatsala mkati.

Tsiku lotuluka m'chipatala mayi anga adalipo. Dokotala atangoyamba malangizo ndi mawu akuti, "Choyamba ndi mchere," mayi adawomba m'manja. "Mwamvatu? Ndimanena ine! Mchere!" Mtsikana uja adadabwa, ndipo ine amene ndidakhala chete pakhonde paja ndidapeza pakamwa tsopano, n'kumufotokozera za tsempho ndi za mayi adawoloka mtsinje aja. Sadaseke. Adatembenukira kwa mayi n'kuyankhula mwaulemu wonse. "Mayi, mchere umene ndikunena ine ndi wochuluka, osati dzanja limene lauthira. Ngakhale muthire inuyo mlongo wawo, ngakhale athire abusa, ukachuluka umasunga madzi m'thupi ndipo miyendo itupa basi. Akazi awo sadalakwe kanthu. Ndipotu bambowa kuyambira lero akufunika munthu wowaphikira mosamala."

Pobwerera mayi sadayankhule mpaka tidadutsa pa Nathenje.

Muyeso wa mchere umene a WHO amalangiza kwa munthu wamkulu aliyense, wodwala ndi wosadwala, ndi wosapitirira magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi. Pamenepo muphatikize wobisika uja wa m'buledi, m'nsomba zouma zamchere, m'timabulo tokometsera ndiwo, mu soda wa therere, ndi uja timawaza ndi dzanja lonse pa tchipisi ndi kanyenya wa pachiwaya. Atsibweni ankadya ali ndi kamulu kawokawo ka mchere pambali pa mbale. Kamuluko kadapita tsiku lomwelo.

Chimene chidawapweteka kwambiri n'china. Impso zikafooka zimalephera kutulutsa mchere wina wotchedwa potaziyamu, ndipo ukachuluka m'magazi umatha kuimitsa mtima mosachenjeza. Wawo udali wokwera. Ndiye tamverani zakudya zodzaza ndi potaziyamu zimene dokotala adatchula: kachewere, matimati, nthochi, mapeyala. Atsibweni adamuyang'ana nthawi yaitali n'kuti, "Adokotala, mwatchula dimba langa lonse. Mwangondisiyira kabichi." Ngakhale chidulo, chija amayi amacheza kuchokera kuphulusa, adati ndi potaziyamu yekhayekha, asachiyandikire. Za kachewere adawapatsako njira: kumusenda, kumuduladula tizidutswa, kumuwiritsa m'madzi ambiri n'kutaya madziwo, ndipo adye pang'ono. Koma inu awerengi musathamangire kutaya nthochi zanu. Lamulo limeneli ndi la amene magazi awo ayezedwa n'kupezeka kuti potaziyamu wakwera, osati aliyense womva msana.

Mapiritsi adapatsidwa mitundu itatu poyamba: furosemide, amene ambiri amati Lasix, wochotsa madzi otupitsa; amlodipine wa BP; ndi ena owonjezera magazi. Potaziyamu atatsika adawawonjezera enalapril pang'ono, amene kuphatikiza pa kutsitsa BP amachepetsa kudontha kwa mapuloteni, koma amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi. Msana ukavuta, Panado yekha. Fodya wopichira uja ankasuta madzulo, ayi. Odwala shuga amene adali nawo muwodi adauzidwa kuti ngakhale metformin amafunika kuchepetsedwa kapena kusiyidwa malikisi a impso akatsika kwambiri, poti mankhwala ambiri amatulukira ku impso komweko. Aliponso mankhwala atsopano ngati dapagliflozin, amene kafukufuku wamkulu wa mu 2020 adaonetsa kuti amachedwetsa kufooka kwa impso ngakhale kwa anthu opanda shuga. Nditakafunsa mtengo wake kufamase ndidangothokoza n'kutuluka.

Mu Novembala 2023, miyezi itatu itakwana, tidabwerera kukayezetsanso. Udali mwezi womwe uja kwacha idagwa ndi 44 peresenti, makondakitala n'kuyamba kutchula mitengo ngati akutukwana. Malikisi adakwera kuchoka pa 17 kufika pa 24. Atsibweni adafuna kuvina, koma dokotala adawakhazika pansi. Adati mbali imene yabwererayo ndi ija idapanikizidwa ndi brufen, botolo ndi kusanza. Yotsalayo ndiye chilonda chenicheni, ndipo sichidzapola. N'chifukwa chake sagamula ndi kuyeza kamodzi. Siteji 4, adatero, ndi khonde la siteji 5, ndipo ntchito yathu tonse n'kuchedwetsa tsiku lolowa m'nyumbamo.

Ndidapempha kuti ndikaone kumene amapita amene adalowa kale. Makina otsuka magazi, a dayalisisi, m'zipatala za boma amadziwika kwambiri ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth Central ku Blantyre. Munthu amagona pabedi, magazi ake akutuluka pakapaipi kupita m'makina, kusefedwa, n'kubwerera pakapaipi kena, maola ngati 4. Kumayiko olemera amachita katatu pasabata, kuno kwathu nthawi zambiri kawiri. Osati mwezi umodzi, koma moyo wonse. Amene akukonzekera amawachita kaye kaopaleshoni kolumikiza mitsempha iwiri pamkono, ndipo pamatenga masabata angapo kuti pakhwime. Ndidaona mnyamata wocheperapo kwa ine akuwerenga notsi za kusukulu ndi dzanja limodzi, linalo lili m'mapaipi. Kuboma salipiritsa, koma makina ngowerengeka pomwe odikira ngambiri.

Makina amenewa si achilendo padziko. Dokotala wa ku Netherlands, Willem Kolff, adapanga oyamba mu 1943 nkhondo yachiwiri ili mkati, pogwiritsa ntchito timapaipi topangira soseji tokulunga pa chimgolo chozungulira, ndipo wodwala woyamba kupulumuka nawo adali wa mu 1945. Kuika impso ya munthu wina kudatheka koyamba mu 1954 ku Boston, pamene gulu la madokotala lotsogozedwa ndi Joseph Murray lidachotsa impso kwa mnyamata wina n'kuika mwa mnzake amene adabadwa naye mapasa. Zaka zoposa 70 zapitapo, koma Mmalawi wofuna kuikidwa impso amayang'anabe ndege ya ku India, ali ndi mbale wololera kupereka yake, n'kudzamwa mankhwala oteteza impsoyo mpaka imfa. Akuluakulu ena ndege imeneyo amaikwera akangomva chimfine, koma imeneyo ndi nkhani ya sabata ina. Mu Meyi 2025 msonkhano waukulu wa WHO ku Geneva udavomereza koyamba chigamulo chapadera chokhudza matenda a impso. Ine pempho langa n'laling'ono: chigamulocho chikafike mpaka pa mabatire a makina a BP ndi kabotolo ka timapepala toviika mumkodzo pazipatala zakumudzi.

Nditawafotokozera atsibweni zimene ndidaona, adatola kamtengo n'kuyamba samu pansi. Kuchoka pa Linthipe kufika ku Lilongwe ndi ulendo wa ola limodzi minibasi ikapanda kuimaima. Kawiri pasabata ndi maulendo 104 pachaka, kupita ndi kubwera, anthu awiri poti wotsukidwa magazi sayenda yekha. Adasiyira samuyo panjira. "Nanga kudimba apite ndani? Muphwa, bweretsa mapiritsi aja ndimwe." Chiyambire tsiku limenelo sadadumphitsepo ngakhale limodzi, ndipo buku lawo la kuchipatala amalisunga m'pulasitiki pamodzi ndi chiphaso cha unzika.

Za mayi aja kutsidya. Mayi anga adatenga sabata yathunthu akuzungulirazungulira pakhomo, kenaka Loweruka lina adagwira tambala wawo wamkulu, adasenza dengu la ufa, n'kuwoloka mtsinje pamodzi ndi ankhoswe. Ine ndidanyamula tambalayo. Zimene adakambirana m'nyumba sindidamve, ndidangomva mayi akulira, chinthu chimene ndidali ndisanamvepo chimwalirire agogo. Alamu awowo sadabwere tsiku limenelo. Adati aganize kaye, ndipo ndani akadawadzudzula? Potiperekeza adatsalira m'mbuyo n'kuyenda pambali panga. Sadakweze mawu. "Inu a sukulu, amene mumalemba m'nyuzipepala, tsiku lija pakhonde mudali kuti?" Ndidayang'ana zala zakumapazi mpaka tidafika pamtsinje.

Adabwera patatha masiku asanu ndi atatu, ndipo ndi iwo amene asunga atsibweni mpaka lero. Amaphika mapoto awiri, wa ana ndi wa bambo. Amadziwa mayina a mapiritsi onse kuposa ine, ndipo wa golosale wina atayesa kugulitsa brufen kwa amuna awo adamutsatira mpaka pakauntala. Mayi anga nawo tidawakakamiza kuyezetsa. BP yawo idapezeka 164 pa 100. Poyamba adati makinawo ngabodza, koma ataona alamu awo akuwayang'ana adalandira mapiritsi osanenanso kanthu. Ine mkodzo ndi magazi zidatuluka bwino, ndipo ndimabwereza chaka chilichonse mu Malichi, mwezi umene dziko limakumbukira impso pa Lachinayi lachiwiri kuyambira 2006. Tsikulo ndidalisankha kuti ndisamaiwale basi.

Ulendo womaliza tidakayezetsa, malikisi a atsibweni adali pa 21. Atsika, koma pang'onopang'ono, ndipo dokotala wayamba kutchula za kaopaleshoni ka pamkono kaja, iwo n'kumayankha kuti tikambirana tikakolola. Matumba sanyamulanso. Amakhala pakampando pambali pa mabeseni awo, atavala nsapato zawo zakale zija, mwana wawo wachiwiri ndiye amathamangira mawindo a minibasi. Sabata yatha ndidawapeza akudya nkhomaliro pomwepo: nsima, kabichi, ndi tizidutswa tinayi ta kachewere wotuwa wowiritsa, wotayidwa madzi. Mayi wina wotsika m'basi ya ku Blantyre adaloza beseni n'kufunsa ngati kachewereyo ngwaufa.

"Funsani akazi angawa, mayi," adatero atsibweni akuloza ndi mbamu ya nsima. "Ine amandilola anayi okha."